WAILESI IMENE SINALI M'SITORO

 Nkhani ya lero ndi ya cinthu cimene munthu acifuna ndi mtima wonse, nacisungira ndalama mwezi ndi mwezi, koma pofika ku sitoro apeza kuti cinthuco palibe, cifukwa palibe amene wacipanga.

Kumadzulo kwa tauni ya Livingstone, pa mseu wopita ku Kazungula, kuli mudzi wa Simonga. Mudziwo uli pafupi ndi mtsinje wa Zambezi, ndipo ena a anthu ace amagwira nchito m'tauni ndi m'mahotela a m'mbali mwa mtsinjewo. Ku Simonga, monganso ku Maramba, ku Libuyu ndi ku Dambwa, kuli anyamata ndi akulu omwe okonda makina oimba. Awa ndi anthu aja osataya wailesi yakufa. Amaimasula, nayang'ana m'kati mwace, nacotsa sipika, naikhomera bokosi la matabwa, nailumikiza ku batire la galimoto, kufikira cinthu cimene ena anaciyesa cinyalala ciyambanso kuimba. Anthu otere mukawafunsa cimene asowa, mayankho ao afanana. Afuna makina a m'nyumba oyendera dzuwa, osaopa pfumbi ndi kutentha, otheka kukonzedwa akaonongeka, ndiponso a mtengo umene wanchito wamba angaufikire. Cimodzi ca izi cipezeka m'makina awa, cina m'makina awo, koma zonse pamodzi nzosowa.

Wina adzati kumeneko nkulota masana. Koma dziko lino linaona kale cikhumbo cotere, ndipo cinakwaniritsidwa. Nkwabwino kuti anthu a lero adziwe umo zinayendera, pakuti nkhaniyo ikhudza thumba lao.

MASIKU A GALAMAFONI

Makina oimba oyamba kulowa m'nyumba za anthu akuda anali galamafoni. Anyamata ocokera ku nchito ku Johannesburg, ku Bulawayo ndi ku mgodi wa malasha wa Wankie, umene dzina lace lero ndi Hwange, ankabwera nayo pamodzi ndi njinga ndi mabulangete. Galamafoni sinafune magetsi. Mwini wace ankangopukusa cogwirira, ndipo mbale inkazungulira ka 78 pa mphindi imodzi. Koma nyimbo ya mbali imodzi inkatha m'mphindi zitatu zokha, masingano acitsulo ankabuntha msanga, ndipo mbale ikagwa pansi inkasweka ngati phale. Coposa zonsezi, galamafoni inkangobwereza nyimbo zomwezo. Sinathe kuuza munthu za nkhondo, za mtengo wa cimanga, kapena za kwao kumene anacokera.

Mawailesi analipo, koma anali a Azungu ndi a anthu ena olemera. Mtengo wao unali waukulu, ndipo ambiri anafuna magetsi. Livingstone inali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935, ndipo m'zaka za m'ma 1930 makina opangira magetsi anaikidwa pa mathithi a Victoria Falls. Koma mawaya a magetsiwo sanafike m'midzi, ngakhale m'nyumba zambiri za m'makomboni. Munthu ankamva mkokomo wa mathithi ali gone m'nyumba mwace, koma nyali yace inali ya palafini.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ndiyo inayamba kusintha zinthu. Asilikari a Northern Rhodesia Regiment anali kutali, ena ku Ethiopia, ena ku Madagascar, ndipo pambuyo pace ku Burma, ndipo Boma linafuna kuti abale ao amve nkhani za nkhondo m'zinenero zao. Cotero mu 1941 linaimika ku Lusaka makina oulutsira mau a mphamvu ya mawati 300, ndiyo mphamvu ya mababu atatu akulu a magetsi. Popeza anthu analibe mawailesi, ocepa anaikidwa m'maholo a m'makomboni, pa maboma, ndi ku mabwalo a mafumu ena.

Kumvera kwa pagulu kunali ndi mabvuto ace. Munthu ankayenda mtunda, nafika napeza holo yadzaza, ana alikulira, akulu alikukangana, mau osamveka. Amai ambiri sanapiteko konse, cifukwa madzulo ndiyo nthawi yophika. Kumidzi batire likatha mphamvu, wailesi inkakhala cete masiku ambiri. Ndipo dzanja lotsegula ndi kutseka linali la wina. Pamenepo ndipo cikhumbo cinabadwa, cakuti munthu akhale ndi wailesi yaceyace, m'nyumba mwace, pakati pa mkazi wace ndi ana ace.

CIFUKWA CACE INASOWA

Munthu wa luso akadatha kudzipangira kawailesi kopanda batire, konga kamene ana a sukulu a ku Ulaya ankapanga. Kankafuna waya wa mkuwa wokulungidwa pa kamtengo, kamwala konyezimira ka mtobvu, dzina lace galena, ndi zomvetsera za m'makutu. Mkuwa unkakumbidwa ku Nkana, ku Mufulira, ku Luanshya ndi ku Nchanga, ndipo mwala wa mtobvu unkatuluka ku Broken Hill, ndiko ku Kabwe. Koma kawailesi kotere kamangogwira mau a nyumba youlutsira yapafupi ndi yamphamvu. Kucokera ku Lusaka kufika ku Livingstone ndi mamailosi pafupi 300, ndipo kamwala sikakadamva kanthu pa mtunda wotere.

Mau a wailesi ayenda pa mafunde, ndipo mafundewo ndi osiyanasiyana. Mafunde apakati atsata nthaka, nafooka m'njira, ndipo m'dzinja ziphaliwali ziwasokoneza. Mafunde afupi akwera kumwamba kutalitali, kumene kuli mpweya umene uwabweza, monga phiri libweza mau a munthu wopfuula, natsikira ku maiko a kutali. Cifukwa cace Lusaka inkaulutsa pa mafunde afupi. Koma kuwagwira mafunde otere kunafuna makina okuza mau, ndipo masiku amenewo cokuza mau cinali valavu, kabotolo kagalasi kamene m'kati mwace muli kawaya koti katenthe. Mavalavu anafuna mphamvu ziwiri, yaing'ono yotenthetsa kawayako, ndi yaikulu yoyendetsa nchito. Ndico cifukwa cace mawailesi a mabatire anali olemera ndi odula.

Tsono cinthu cofunikaco cinali ndi mbali zinai. Cigwire mafunde afupi. Ciyendere batire louma, losafuna kupita nalo ku galaja kukalidzaza. Cisaope cinyezi, pfumbi, nyerere ndi mphemvu. Ndipo mtengo wace ukhale wa munthu wosauka. Palibe mbali imodzi ya izi imene inali yosatheka kwa amisiri a nthawiyo. Nzeru zinalipo, zipangizo zinalipo. Cimene cinasowa ndi wopanga wokhulupirira kuti ogula alipo.

ZAKA ZITATU ZA KUKANIDWA

Ku Lusaka kunali mkulu wa ofesi ya nkhani za Boma, dzina lace Harry Franklin. Mu 1945 iye anapereka ganizo lakuti nyumba youlutsira mau ya ku Lusaka ikhale ya anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Maiko atatuwo anabvomera kugawana ndalama zoyendetsera nchito, Boma la Britain linapereka za makina, ndipo kunabadwa Central African Broadcasting Station. Koma kuulutsa mau kwa anthu opanda comvera kuli ngati kuimba ng'oma m'mudzi wa mabwinja. Franklin anaona kuti nchito yonse idzapita pacabe ngati wailesi yotsika mtengo siipezeka.

Kwa zaka zitatu anayesa kukopa makampani opanga mawailesi a ku Britain, koma iwo anakana. Sanakhulupirire kuti munthu wakuda angatulutse ndalama zace kugula wailesi. Anaweruza thumba la munthu amene sanamuonepo, ndi mtima wa munthu amene sanamfunsepo.

Potsiriza inabvomera kampani ya Ever Ready, imene nchito yace yeniyeni inali kupanga mabatire. Nkosabvuta kuona cifukwa cace. Wopanga mawailesi agulitsa kamodzi, nadya phindu lace kamodzi. Wopanga mabatire adziwa kuti wailesi iliyonse yolowa m'nyumba ndi pakamwa patsopano pofuna mabatire caka ndi caka. Kampaniyo sinacite cifundo, inawerenga bwino.

Poyesa makina atsopanowo, amisiri anawaika m'poto wa aluminiyamu wopanda cogwirira, wa mainchi 9 kukula kwa pakamwa pace. Anapeza kuti poto ndi wolimba, sacita dzimbiri, ciswe sicimudya, ndipo mafakitale amapanga mapoto ambiri pa mtengo wocepa. Cotero wailesiyo inakhala yobulungira, yopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo, ndipo inapatsidwa dzina lakuti Saucepan Special, kunena poto. M'kati munali mavalavu anai. Mabowo ace anatsekedwa bwino kuti tizilombo tisalowe. Batire lace linali lalikulu, lokhala kunja kwa poto, lopereka mavoti 90 ndi mavoti 1.5 pamodzi.

Inafika m'masitoro mu 1949. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndi batire paundi imodzi ndi masheleni 5. Kwa anchito ambiri a masiku amenewo ndalamazo zinaposa malipiro a mwezi wathunthu. Koma m'miyezi itatu yoyamba mawailesi 1,500 anagulidwa, ndipo m'zaka zocepa zotsatira analowa okwana 50,000. Anthu aja amene anayesedwa opanda ndalama anadzimana zobvala, nacepetsa mowa, ena nasonkherana, kufikira poto woimba analowa m'nyumba. Mitengo ya nsungwi yonyamula waya inayamba kuoneka pamwamba pa madenga a m'makomboni.

ZIMENE POTO ANABWERETSA

Wailesi italowa m'nyumba, omvera anasanduka ena. Amai anamva alikusonkhezera moto, okalamba anamva ali pa mphasa, ndipo osadziwa kuwerenga anamva nkhani za dziko tsiku lomwelo ndi mphunzitsi. Lusaka inkaulutsa m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga, m'Cilozi, m'Cishona, m'Cindebele ndi m'Cingelezi. Munthu wa ku Fort Jameson, ndiko ku Chipata, kapena wa ku Nyasaland, wogwira nchito pa njanji ku Livingstone kapena pa macheka a Zambezi Sawmills, ankamva cinenero ca amace ali pakati pa alendo.

Omvera sanangomvera, anayamba kulemba. Makalata ambirimbiri ankafika ku Lusaka, opempha nyimbo ndi opereka moni kwa abale a kutali, ndipo pologalamu ya Zimene Mwatifunsa inakondedwa kwambiri. Alick Nkhata, amene anali msilikari ku Burma, nagwiranso nchito yojambula nyimbo za makolo pamodzi ndi Hugh Tracey, anakhala woulutsa ndi woimba wodziwika m'maiko onse atatu. Nchito ya nyumbayo inalembedwa m'buku la Peter Fraenkel, mmodzi wa anchito ace, la mutu wakuti Wayaleshi, lotuluka mu 1959.

Panali cinanso cimene Boma silinaciwerengere. Wailesi ya mafunde afupi siidziwa malire. Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland citayamba mu 1953, anthu ambiri anakayika mau a ku Lusaka, cifukwa anawayesa mau a Citaganya, ndipo mphekesera zoopsa zinafala zakuti oulutsa ena anali a gulu la anthu okhetsa mwazi usiku. Omvera anaphunzira kupotoza cosankhira ndi kufuna mau ena. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 Andreya Masiye, amene kale anali woulutsa ku Lusaka, ankalankhula kwa anthu a kwao kucokera ku Dar es Salaam m'dzina la cipani ca UNIP, ndipo anthu ankamumva m'nyumba zao. Wailesi ya m'holo ikadatsekedwa ndi mwini holo. Ya m'nyumba inali m'manja mwa amene anaigula.

PENI IMODZI PA ORA

Koma poto anali ndi njala yace, ndipo apa mpofunika kuwerenga bwino. Batire limodzi linkagwira nchito maora 300. Paundi imodzi ndi masheleni 5 ndiwo masheleni 25, ndipo popeza sheleni inali mapeni 12, zonse pamodzi ndi mapeni 300. Ndiye kuti ora lililonse lomvera linkadya peni imodzi. Banja lomvera maora atatu tsiku ndi tsiku linkatha batire m'masiku 100, ndipo pa caka linafuna mabatire pafupifupi anai. Mabatire anai ndiwo mapaundi 5. Cotero caka ciliconse munthu ankalipiranso mtengo wa wailesi yace. Ndico cifukwa cace m'nyumba zambiri atate ankatsegula wailesi pa nthawi ya nkhani yokha, ndipo mwana woigwira popanda cilolezo ankaona zakuda.

Cimene cinathetsa njala imeneyi ndi kacipangizo kakang'ono, dzina lace transistor, kamene kanatulukiridwa ku America mu 1947. Kamagwira nchito ya valavu, koma sikafuna kutenthetsedwa, cotero kamadya mphamvu pang'ono. Wailesi yoyamba ya mtundu umenewu inagulitsidwa ku America mu 1954, ndipo makampani a ku Japan anatsatira msanga. Pofika zaka za m'ma 1960 munthu ankagula wailesi yoyendera mabatire a toci, yonyamula m'manja popita kumunda, ndipo poto woimba anaiwalika.

Pamenepo cikhumbo ca anthu cinakwera. Wanchito wa ku mgodi anayamba kulota rediyogalamu, bokosi lalikulu lonyezimira lokhala ndi wailesi ndi coimbira mbale pamodzi, lokhala m'cipinda cocezera ndi kansalu koluka pamwamba pace. Ndipo nthawi imeneyo makinawo ankapangidwa kuno komwe. Ku Bulawayo kunali fakitale ya Supersonic. Ku Blantyre kunali Nzeru Radio Company. Ndipo ku Livingstone kwenikweniko kunali fakitale ya ITT Supersonic, kumene amuna ndi akazi a m'tauniyo ankalumikiza mawailesi ndi manja ao. Tauni imene kale anthu ace ankaimirira pa khomo la holo kuti amve nkhani inasanduka yotumiza mawailesi ku Zambia yense. Fakitaleyo inatsekedwa pambuyo pace, monga mafakitale ena ambiri a mu Livingstone, ndipo kuyambira zaka za m'ma 1990 masitoro anadzala ndi katundu wa kunja.

Nkhani ya Franklin inabwerezedwanso. Mu 1991 mmisiri wa ku England, Trevor Baylis, atamva kuti anthu ambiri a mu Africa samva maphunziro a za matenda a Edzi cifukwa cosowa mabatire, anapanga wailesi yopukusa ngati galamafoni. Nayenso makampani anamkana. Koma ataonetsedwa pa televizyoni ya BBC mu 1994, anapeza omthandiza, ndipo mawailesiwo anayamba kupangidwa ku Cape Town. Kawiri konse cinthu cinali cotheka, ogula analipo, koma opanga anacedwa kukhulupirira.

CIKHUMBO CA LERO

Lero zinthu zasintha kwambiri. Nyimbo zikhala m'foni ndi m'kakhadi kocepa ngati cikhadabo. Mu Livingstone munatsegulidwa nyumba zoulutsira mau za FM m'zaka za m'ma 2000, ndipo ZNBC iulutsa m'zinenero zisanu ndi ziwiri za dziko lino. M'misika muli mawailesi ndi masipika a mitundumitundu, ena oyendera dzuwa, ena a nyali zothwanima. Nanga anthu a ku Simonga asowanji?

Asowa makina okhalitsa. Taonani umo makina ambiri otsika mtengo afera. Coyamba ndi batire. Mabatire a lithium amatha mphamvu pang'onopang'ono, ndipo kutentha kumafulumiza imfa yao. Makina ambiri a dzuwa ali ndi galasi lokolola dzuwa lomatidwa pamsana pao, kotero kuti pofuna kuwadzaza mphamvu munthu ayenera kuika makina onse padzuwa. M'mwezi wa October, pamene mcenga wa m'cigwa ca Zambezi uoca mapazi, kumeneko nkuphika batire. Caciwiri, batire likafa, m'makina ambiri lili lomatidwa m'kati, ndipo bokosi silitseguka popanda kuliswa. Cacitatu ndi pfumbi, limene lilowa m'cokwezera mau naciliritsa ngati moto wa ziputu. Cacinai ndi kabowo kolowetsa waya, kamene kamasuka ndi kuzuka. Cacisanu ndi manambala a pa katoni. Kabokosi kokwana m'dzanja kalembedwa mawati zikwi, koma mphamvu yace yeniyeni ndi yocepa, ndipo wokweza mau kufikira kumapeto aononga sipika. Akulu anati ng'oma yolira kwambiri siicedwa kung'ambika.

Tsono okonza makina adziwa bwino cimene afuna. Galasi la dzuwa likhale palokha, la waya wautali, likhale pa denga pamene makina ali mumthunzi. Batire likhale la mtundu wopezeka pa msika, lotheka kucotsa ndi kuika lina. Bokosi likhale lomangidwa ndi masikuluu. Zipangizo zosinthira zigulitsidwe m'sitoro yomweyo yogulitsa makina. Ndipo nambala yolembedwa pa katoni ikhale yoona. Monga mu 1945, palibe cimodzi ca izi cimene cili cobvuta kwa amisiri. Makina otere alipo kwina, koma pa mtengo wa olemera, ndipo otsika mtengo apangidwa kuti atayidwe.

Cikhumbo cimeneci cinali ca akumidzi okha, koma mu 2024 cinafikanso m'matauni. Mvula inakana, ndipo mu February caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi ankazima maora ambiri pa tsiku, ndipo makina akulu a m'zipinda zocezera za ku Kitwe, ku Ndola ndi ku Lusaka anakhala cete ngati kabati. Wa m'tauni anayamba kusirira kawailesi ka dzuwa ka wa kumudzi. Pamenepo kunaoneka kuti ofuna makina otere ndi ambiri koposa umo amalonda aganizira.

Ku maiko ena ogula ayamba kumveka. Mu 2023 maiko a European Union anakhazikitsa lamulo lakuti kuyambira 2027 makina ambiri onyamula m'manja akhale ndi batire limene mwini wace angacotse ndi kusintha yekha. Mafakitale ena opangira Ulaya ndi omwewo opangira misika ya kuno, cotero nzeru yopanga makina otseguka idzakhalapo. Koma ngati ogula a kuno sanena kanthu, adzapitiriza kulandira zomatidwa.

ZOYENERA KUCITA

Nthawi ya poto woimba panali mkulu wa Boma wolankhulira omvera. Lero ogula ayenera kudzilankhulira okha, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Njira zace ndi zitatu.

Yoyamba ndi kufunsa musanapereke ndalama. Kodi batire licoka? Kodi lina lipezeka kuti, ndipo ndi ndalama zingati? Kodi bokosi litseguka? Kodi likaonongeka mwezi uno mudzalilandira? Wamalonda woitanitsa katundu ku Dar es Salaam, ku Dubai kapena ku China abweretsa cimene anthu afunsa. Munthu mmodzi akafunsa, wamalonda aseka. Anthu makumi asanu akafunsa cimodzimodzi, nabwerera ndi ndalama zao m'thumba, iye alemba m'buku lace.

Yaciwiri ndi kuwerenga monga anawerengera makolo aja a peni imodzi pa ora. Mtengo weniweni wa makina suli pa kapepala ka m'sitoro. Gawani ndalamazo ndi miyezi imene makinawo adzakhala. Cinthu cogulidwa ndi theka la mtengo, koma cakufa katatu pamene cinzace cikali moyo, ndico codula.

Yacitatu ndi kulemekeza okonza. Mnyamata wokhala pa benci pa msika wa Maramba ndi citsulo cace cosungunulira mtobvu adziwa cimene cimapha makina kuposa wolemba katoni. Mutengeni pokagula, ndipo mumlipire bwino akakonza. Makolo asaletse mwana womasula wailesi yakufa, koma ampezere malo ku sukulu ya umisiri. Manja amene analumikiza mawailesi mu Livingstone zaka zapitazo anali manja a anthu a komweko, ndipo adzukulu ao sali opanda nzeru.

Inu a m'migodi, kumbukirani kuti m'masipika ambiri muli waya wa mkuwa, ndipo mkuwa wina wa pa misika ya dziko lapansi ucokera pansi pa mapazi anu. Agogo anu anauzidwa kuti wailesi si ya munthu wosauka, koma m'miyezi itatu anagula 1,500, ndipo opanga anacita manyazi. Cimene cisowa m'sitoro lero cingadzapezeke mawa, ngati ocifuna adziwa kucilongosola bwino, nakana kutaya ndalama zao pa cinthu ca masiku ocepa.